Funsani Azakhali: Ndibise digiri kuti andilembe ukalaliki?

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wa ku Ngabu, ndili ndi digiri ya za ulimi koma ntchito njee, ma CV ndaponya paliponse olo kundiitana ku intavyu ayi. Pano ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti, malipiro ake ongothera lendi, mwezi wina sapereka n'komwe. Tsopano famu ina cha ku Nchalo ikufuna kalaliki wa kumunda wa MSCE basi, anzanga akuti ndisatchule za digiri poti mabwana amaopa munthu wowaposa sukulu. Kunyumba amayi akungodandaula ng'ombe zomwe anagulitsa kuti apeze fizi. Nditani?
Wokhumudwa, Ngabu

YANKHO: Mwanangu, ntchitoyo pita ukaifunsire, koma zobisa digirizo ayi. Chigwa chathuchi n'chaching'ono, tsiku lina mnzako wa ku koleji adzakuona pa Dyeratu uli ndi bwanayo n'kukufuulira dzina la ku kalasi, basi wasanduka wabodza, ndipo kalaliki wabodza ndani angamusungitse buku la anthu aganyu?

Anzakowo alakwitsa pang'ono. Bwana saopa pepala lako, amaopa kuti akuphunzitsa ntchito miyezi itatu kenako iwe uyoo wathawira ku Blantyre. Ndiye muuze poyera kuti ukhala nyengo ziwiri zokolola, ndipo ukhaledi. Koma pasakhale zapakamwa, akupatse kalata yolembedwa ntchito, chifukwa ndi imeneyo idzakhale umboni wa experience yomwe amakufunsa paliponse ija.

Ukalowa usangokhalira kuchonga maina. Phunzira mapampu, kagawidwe ka madzi m'mafolo, marekodi a feteleza ndi dizilo, kawerengedwe ka malipiro. Ndikunena izi chifukwa cha ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala opitirira 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Inde ikuchedwa, namondwe Ana anaononga pa Kapichira mu 2022 ndipo ife azakhali ako tasiya kuwerenga masiku, komabe alimi akuikidwa m'makopaletivi ndipo kopaletivi imafuna munthu wodziwa munda ndi mabuku omwe, taona za alimi a nzimbe a ku Phata ndi Kasinthula. Pamenepo wadigiri woti anapsapo ndi dzuwa la ku Nchalo adzaposa wadigiri wongokhala pa WhatsApp kudikira ma vacancy.

Internship ya boma akalengeza lembetsa ndithu, bola udziwe kuti imatha. Ndipo ngati unatenga ngongole ya fizi ku Loans Board usaganize kuti anaiwala.

Za amayi, usalimbane nawo, ng'ombe kwathu kuno ndi banki ndiye kuwawa kwake n'koona. Malipiro oyamba akatuluka ukawagulire kambuzi kakakazi pa msika wa Ngabu, ukawapatse wekha m'manja, osatumiza pa Airtel Money.