Nyali ya oyilo pa Hilux ya 5L: musathamangire kugula pampu

Achimwene, mwati injini ya 3L ya Hilux yanu itanoka munaikamo ya 5L yochokera mu minibasi ya Hiace, ndiye pano nyali ya oyilo ikumaphethira mukamakwera zitunda za ku Thekerani mutanyamula nthochi, mwina ngakhale mutaima injini ikatentha. Amakaniko akuti pampu ya oyilo yatha. Poyamba penipeni, galimotoyo iime kaye. Nyali imeneyo sili ngati ya mafuta yoti mungafike nayo pa Luchenza. Imayaka mphamvu ya oyilo ikatsika kufika pafupifupi 0.3 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu imeneyi), ndipo ngati ikunena zoona ndiye kuti mabeyaring'i a mkati mwa injini akudyeka kale.

Koma inetu ndalama ya pampu sindingatulutse pano. Palibe amene wapima. Pambali pa injini pali kaswitchi ka waya umodzi kamene kamayatsa nyaliyo. Akamasule, pabowopo amangepo geji ya payipi, ija ya muvi. Muipime injini itatentha bwinobwino, osati m'mawa kuli chiperoni, chifukwa oyilo wozizira ndi wokhuthala ndipo amakweza muvi ngakhale pa injini yotheratu. Pa injini za 2L, 3L ndi 5L, ikamalira galimoto itaima muvi usatsike pansi pa 0.3 bar, ndipo mukaponda mpaka injini izizungulira maulendo 3000 pa mphindi uzisonyeza 3 bar kapena kupitirira. Zikakwana zimenezi, vuto ndi kaswitchiko kapena waya wake wakhuzuka n'kumagunda chitsulo. Ngati dashibodi yanu ili ndi geji yakeyake ya oyilo, dziwaninso kuti kachipangizo ka geji ndi ka nyali n'tosiyana, muyenera kubwezeretsa kamene kanali pa 3L.

Chimene chandiimitsa mutu kwambiri ndi mawu anu oti nyali imayaka pamtunda. Pampu yotha sisankha msewu, imafooka paliponse, kaya pa Chitakale pathyathyathya kaya pa Makwasa. Nyali yoyaka galimoto ikapendekeka imaloza pansi, ku sampu, chibeseni cha kunsi kwa injini chosungira oyilo. 5L ndi 3L ndi pachibale, n'chifukwa chake 5L imakhala mosavuta pamalo pa 3L, koma sampu ya Hiace si ya Hilux, ndipo ngakhale ma Hilux okhaokha ya 4x4 imasiyana ndi inayo pofuna kupatsa malo difu ya kutsogolo. Mkati mwa sampu muli payipi yokhala ndi sefa kumapeto, imene pampu imayamwira oyilo. Sampu, payipi imeneyi ndi dipusitiki (kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo) zimayendera limodzi, zonse zitatu. Nthawi zambiri pagalaja amasamutsa sampu yokha chifukwa ndi imene ikugunda, zinazo n'kuzisiya. Ndiye sefa ija imalendewera m'mwamba osafika m'chitsime cha sampu, galimoto ikaloza kumwamba oyilo amathawira mbali ina, pampu n'kumeza mpweya. Pena imachita kukanikizana ndi pansi pa sampu moti oyilo amalowa movutikira. Dipusitiki nayo ikakhala ya Hiace imakuuzani kuti oyilo wadzadza pamene ali wochepa.

Funsani amakaniko anu, mwaulemu ndithu, kuti anasamutsa ziti. Ngati 3L yakale ikadali pagalajapo, kaioneni ndi maso anu. Mukapeza payipi ya sefa ikadali pomwepo, mwalipeza vuto. Mukaitenga muitsuke ndi dizilo mpaka iyere, pajatu injini imeneyo inanoka, tizitsulo take tili m'menemo.

Sampu ikatsika, walitsani tochi pa sefayo. Amakaniko athu ena silikoni amapaka ngati akumata nyumba. Yotsalira imafinyikira mkati, kenako imathothoka tizingwe tofiira kapena totuwa n'kukatseka timabowo ta sefa. Onaninso gasiketi ya pamene payipi imalumikizana ndi injini, ikang'ambika pampu imakoka mpweya pamenepo. Pansi pa sampu pitsanipo chala, mupake oyiloyo papepala loyera n'kuliika padzuwa. Mukaona tonyezimira, makamaka tofiirira ngati kopa, nkhani yasintha.

Apa ndi pamene pali nkhani yowawa. Injini ya minibasi imakhala itagwira ntchito yosapuma, Limbe Muloza tsiku ndi tsiku, ndipo wogulitsa sangakuuzeni kuti yayenda mtunda wautali bwanji. Mabeyaring'i a kirankishafuti akadyeka, mpata umakula, oyilo wotentha amangodutsa osapanikizika. Zizindikiro zake n'zomwe mwatchula zachiwiri zija: m'mawa zili bwino, ikatentha n'kuima nyali phethiphethi. Pampu yatsopano singatseke mpata umenewo. Poti sampu ili kale pansi, amasule beyaring'i imodzi kapena ziwiri aone. Mukazipeza msanga mumangosintha mabeyaring'i, mukachedwa kirankishafuti imafuna kukapala ku Blantyre.

Ena m'gulu muno akuti thirani oyilo wolemera wa 20W-50 nyali izima. Mwina izimadi, koma mwangotseka pakamwa pa mboni. Thirani 15W-40 wa injini za dizilo, wa m'chigubu chomata, osati wopima m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndi fyuluta yatsopano yodalirika. Muonenso kapayipi ka oyilo kopita kumbuyo kwa alitaneta, kumene kuli pampu yothandizira mabuleki. Posintha injini kamapindika kapena kusiyidwa kosamanga bwino, ndipo kamataya oyilo pang'onopang'ono.

Pampu ibwere pomaliza. Ili kutsogolo, kuseri kwa lamba wa taiming'i, ndiye kuifikira ndi ntchito yaikulu. Asanafike kumeneko aone kavavu kochepetsa mphamvu ya oyilo, kamene kakakanirira kali kotsegula kamagwetsa muvi ngakhale pampu ili yabwino. Mukafikadi potsegula kutsogoloko, lamba musinthiretu.

Mukapima, lembani pano manambala atatu: ikangolira kumene, itatentha ili chiimire, ndi itatentha pa 3000. Mujambulenso sampu ndi payipi ya sefa zili pansi, tidzaone ngati zili za banja limodzi.