Voti ya pa intaneti yatembenuka usiku umodzi: kodi ndiye kuti wina waba?

Mwafunsa za voti imene nyuzipepala ina inayika pa tsamba lake, yofunsa ngati m'sukulu za boma muzichitika mapemphero. Mwati masana anthu 8 mwa 10 alionse ankati inde, koma kutacha zinali zitatembenuka, ambiri akuti ayi, mavoti atapitirira 40,000. Ndiye mukufuna kudziwa kuti zoona ndi ziti, za masana kapena za m'mawa, komanso ngati pali amene waba.

Nambala zonse ziwirizo sizikukuuzani maganizo a anthu a m'dzikolo. Ya masana ikunena za owerenga nyuzipepalayo amene nkhaniyi inawagunda pamtima. Ya m'mawa ikunena kuti linki inakafika m'gulu lina lalikulu la anthu oganiza mosiyana. Chimene voti yotere imayeza ndi changu cha mbali iliyonse pomemeza anthu ake, basi. Vuto silinayambe usiku umene zinatembenukawo. Linalipo kale munthu woyamba asanadine.

Taganizirani masefa amene munthu amadutsamo kuti voti yake iwerengedwe. Akhale ndi intaneti, akhale wowerenga tsambalo kapena wina amutumizire linki, amve chilankhulo cha funsolo. Kenako pali sefa yaikulu kuposa onsewa: nkhaniyo imuwawe mokwanira kuti adine batani. Munthu amene za mapemphero m'sukulu saziganizira kawirikawiri amangodutsa, otsala n'kukhala a mtima wotentha a mbali ziwiri. Zimenezi zinayamba kale intaneti kulibe. M'zaka za m'ma 1970 Ann Landers, wolemba danga la malangizo m'nyuzipepala za ku America, anafunsa makolo ngati akanaberekanso ana atapatsidwa mwayi woyambiranso moyo. Makalata pafupifupi 10,000 anabwera ndipo 70 peresenti anati ayi. Nyuzipepala ya Newsday itafunsa funso lomwelo kwa makolo 1,373 osankhidwa mwa maere, 91 peresenti anati inde. Amene anagwira cholembera anali makolo okhumudwa. Okhutira analibe chowalembetsa kalata.

Pa nkhani zachipembedzo ndi zokangana za chikhalidwe, kumemezana n'kosavuta chifukwa mbali iliyonse ili kale ndi magulu ake. Mawu a Chingerezi akuti freeping anachokera ku tsamba la Free Republic la ku America, kumene anthu ankatumizana kukavota chamagulu. Mbali inayo, PZ Myers, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo ku University of Minnesota Morris amene sakhulupirira zoti kuli Mulungu, ankayika malinki a mavoti otere pa tsamba lake la Pharyngula, owerenga ake n'kupita kukawagubuduza m'maola ochepa. Iye sankabisa kuti mavotiwo ankawaona ngati opanda pake. Kunena mwachilungamo, kumeneku si kuba. Aliyense wavota kamodzi pa voti imene inali yotsegukira aliyense. N'kutheka kwambiri kuti ndi zimene zachitika pa voti yanuyo.

Kuba kwenikweni nakonso kulipo, ndipo sikufuna ukatswiri wambiri. Tsamba limadziwa kuti mwavota kale m'njira zochepa chabe. Yofala ndi cookie, kafayilo kakang'ono kamene tsamba limasiya mu browser yanu. Mukakafufuta, kapena kutsegula windo ya incognito, mwasanduka munthu watsopano. Njira ina ndi nambala ya IP, imene imakhala ngati adiresi ya foni kapena kompyuta yanu pa intaneti. Imeneyi imalambalalidwa ndi VPN, pulogalamu yobisa nambala yanu yeniyeni, ndipo nthawi zambiri imasintha yokha mukazimitsa data ya foni n'kuyatsanso. Imalakwiranso anthu osalakwa, chifukwa onse a mu ofesi imodzi kapena sukulu imodzi amaoneka ndi nambala imodzi, ndiye woyamba akavota ena onse atsekeredwa. Kufuna kuti munthu alowe ndi akaunti kumathandizako, koma maakaunti ndi aulere ndipo ena amagulitsidwa chamulu. Mu 2009 anthu a pa tsamba la macheza la 4chan analemba timapulogalamu tovota tokha pa voti ya magazini ya Time yosankha anthu 100 otchuka. Sanangopambanitsa Christopher Poole, amene anayambitsa 4chan. Anasanja mayina 21 apamwamba kuti zilembo zawo zoyamba zipange mawu amene iwo ankafuna. Ndiko kuti ankalamulira malo a munthu aliyense pa mndandandawo.

Mwini tsamba angathe kusiyanitsa ziwirizi akayang'ana zolembedwa za seva, kompyuta yosunga tsambalo. Anthu omemezedwa amabwera ngati chigumula, ambiri kuchokera pa linki imodzi, kenako n'kumachepa pang'onopang'ono. Pulogalamu imaponya mavoti pa liwiro losasintha, ngakhale pakati pa usiku. Inu oonera kunja simungadziwe, ndipo kudziwako sikungasinthe kanthu, chifukwa ngakhale atachotsa mavoti onse abodza, otsalawo akadali a anthu odzisankha okha.

Tsopano za 40,000, chifukwa apa ndi pamene ambiri amakopekera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu 1936, chisankho cha pulezidenti wa America chikuyandikira, magazini ya Literary Digest inatumiza makadi pafupifupi 10 miliyoni, anabwerera oposa 2 miliyoni, ndipo inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt ndi 57 peresenti. Roosevelt anapeza pafupifupi 61 peresenti, Landon n'kupambana m'zigawo ziwiri zokha, Maine ndi Vermont. Mayina anatengedwa m'mabuku a manambala a telefoni, kaundula wa eni magalimoto ndi olembetsa magaziniyo, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zimenezo, ndipo odana ndi Roosevelt ndi amene anachita changu kubweza makadi. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, atafunsa anthu pafupifupi 50,000, analoza wopambana molondola. Pofika 1938 magaziniyo inali itatha.

Musati ndi zakalekale. Mu 2021 kafukufuku wa gulu la ofufuza la Delphi ndi Facebook ankalandira mayankho pafupifupi 250,000 sabata iliyonse pa za katemera wa COVID-19 ku America. Pofika Meyi chaka chimenecho anali atakweza chiwerengero cha olandira katemera ndi mapointi 17 kuposa chenicheni, pamene wa makampani a Axios ndi Ipsos, wa anthu pafupifupi 1,000 osankhidwa mwa maere, unali pafupi ndi zoona. Kuchuluka kwa mayankho sikuwongola kupendekera. Kumangokupatsani chidaliro chachikulu pa nambala yolakwika.

Masamu ake ndi awa. Mukasankha anthu 1,000 mwa maere enieni, zotsatira zimaphonya ndi mapointi osapitirira pafupifupi 3 mbali iliyonse, nthawi 95 mwa 100. Anthu 400 ndi mapointi 5, anthu 2,500 ndi 2, anthu 10,000 ndi 1. Kuchulukitsa anthu kanayi kumangodula mpatawo pakati. Koma masamuwa amagwira pokhapokha wofufuza ndiye wasankha woyankha, ndipo mwayi wa munthu aliyense wosankhidwa ukudziwika. Dokotala amayeza thupi lonse ndi kabotolo kamodzi ka magazi chifukwa magaziwo ndi osakanikirana bwino. Voti ya pa tsamba ilibe chosakaniza, choncho mukaona pansi pake palembedwa mpata wa kuphonya, dziwani kuti wolembayo wangokongoletsa. Chenjerani ndi timagulu ting'onoting'ono ngakhale mu kafukufuku wabwino. Ngati mwa anthu 1,000 osakhulupirira Mulungu alimo 40, zonenedwa za iwo zingaphonye ndi mapointi 15 kapena kuposa.

Chipembedzo chili ndi vuto lina lakelake limene limasautsa ngakhale akatswiri: manyazi. Kwa zaka zambiri kampani ya kafukufuku ya Gallup inkapeza kuti pafupifupi 40 peresenti ya anthu a ku America amati anapita kokapemphera sabata yathayi. Mu 1993 Kirk Hadaway, Penny Marler ndi Mark Chaves anagwiritsa ntchito chiwerengero cha anthu amene analidi m'matchalitchi, ndipo anapeza pafupifupi 20 peresenti kwa Apulotesitanti ndi 28 peresenti kwa Akatolika. Ambiri sakhala akunama mwadala. Amamva funsolo ngati likuti kodi ndinu munthu wopemphera, n'kuyankha limenelo. Kumbali ya okayikira zoti kuli Mulungu, manyaziwo amabisa anthu. Will Gervais ndi Maxine Najle anayesa njira yozungulira: gulu limodzi linapatsidwa mndandanda wa ziganizo wamba, lina linapatsidwa mndandanda womwewo wowonjezeredwa chiganizo cha kukhulupirira Mulungu, ndipo aliyense ankangotchula kuti ziganizo zoona kwa iye ndi zingati, osatchula kuti ndi ziti. Kusiyana kwa magulu awiriwo kunawapatsa chiyerekezo cha pafupifupi 26 peresenti ya osakhulupirira ku America, kuposa kawiri zimene funso lachindunji linkapeza. Njirayi nayo imaphonya kwambiri, koma ikusonyeza kumene bodza limapendekera. Tsono pa Facebook, pamene dzina lanu limaonekera kwa abale ndi abusa mukavota, kapena m'mayiko amene kusiya chipembedzo kuli ndi chilango, mungathe kuona nokha kuti ndani angadine poyera.

Apa tisaiponde intaneti mopitirira. Munthu akamayankha yekha pa foni kapena kompyuta popanda womufunsa, amamasuka. Bungwe la kafukufuku la ku America la PRRI mu 2014 linapeza kuti ovomera kuti sapita kokapemphera kawirikawiri kapena sapitako n'komwe anali 30 peresenti pofunsidwa pa telefoni, koma 43 peresenti poyankha pa intaneti. Choipa si intaneti, ndi khomo lotsegukira aliyense wofuna.

Kafunsidwe nako kamasuntha nambala kwambiri. Pew Research Center, bungwe la kafukufuku la ku America, inafunsa za chisinthiko cha zamoyo m'njira ziwiri. Anthu atauzidwa kusankha kaye pakati pa "anthu anachita kusintha" ndi "anthu akhala ali chonchi kuyambira pachiyambi", 31 peresenti anasankha chachiwiricho. Atapatsidwa mayankho atatu nthawi imodzi, limodzi mwa iwo lonena kuti kusinthako kunatsogoleredwa ndi Mulungu, anatsika kufika pa 18 peresenti. Ambiri sankakana sayansi, ankangofuna malo oikapo Mulungu mu yankho lawo. Kalembera wa ku England ndi Wales amafunsa kuti chipembedzo chanu n'chiti, ngati kuti aliyense ali nacho, ndipo mu 2021 opanda chipembedzo anali 37 peresenti. British Social Attitudes, kafukufuku wa maganizo a anthu a ku Britain, imayamba yafunsa ngati mumadziona kuti muli m'chipembedzo chilichonse, ndipo mu 2018 inapeza 52 peresenti opanda chipembedzo ku Britain. Zaka ndi madera n'zosiyanako, koma mpata wake ndi waukulu. Nanga funso lanu lija? "Mapemphero m'sukulu" angatanthauze pemphero lokakamiza lotsogoleredwa ndi mphunzitsi, kapena ufulu wa mwana kupemphera payekha, ndipo silikunena kuti a chipembedzo chiti. Anthu awiri ogwirizana pa zonse angayankhe mosiyana.

Pali mtundu wina umene umasokoneza atolankhani: makampani enieni a kafukufuku amene amagwiritsa ntchito anthu odzilembetsa okha pa intaneti n'kumalipidwa pang'ono akayankha. Amalinganiza mayankho molingana ndi zaka, maphunziro ndi dera, ndipo nthawi zambiri amachita bwino kuposa voti ya pa tsamba. Chofooka chawo ndi anthu othamangira malipiro amene amangodina inde paliponse, ena akunamizira kukhala achinyamata. Pew inatchera msampha mu 2022, ndipo 12 peresenti ya oyankha osakwana zaka 30 anati ali ndi laisensi yoyendetsa sitima yankhondo yapansi pa madzi ya mphamvu ya nyukiliya. Mu Disembala 2023 kafukufuku wa mtundu womwewu ananena kuti 20 peresenti ya achinyamata a ku America amati kuphedwa kwa Ayuda m'manja mwa a Nazi ndi nthano. Pew itabwereza funsolo kwa anthu osankhidwa mwa maere inapeza 3 peresenti. Ndiye mukaona mutu wa nkhani wodzidzimutsa wonena za zikhulupiriro zachilendo za achinyamata, yambani mwafunsa kumene oyankhawo anatengedwa.

Funso loyamba pa kafukufuku aliyense ndi limeneli: oyankha analowa bwanji? Ngati inuyo mukanatha kuvota pongodina linki, imani pomwepo. Ngati anachita kusankhidwa, fufuzani kuti anatengedwa pa mndandanda uti, wa maadiresi a nyumba kapena manambala a foni, ndipo mwa ofunsidwa anayankha angati. Kuyankha kwatsika paliponse: kwa Pew, pa telefoni, kunachoka pa 36 peresenti mu 1997 kufika pa 6 mu 2018, n'chifukwa chake kulinganiza mayankho kuli kofunika. Pezani mawu enieni a funso, mafunso amene analitsogolera, masiku a kafukufukuyo ndi amene analipira. Bungwe lachipembedzo kapena la osakhulupirira likalipira sindiye kuti zotsatira n'zabodza, koma werengani funsolo kawiri. Pomaliza yerekezani ndi akafukufuku ena monga World Values Survey kapena kalembera wa dziko. Nambala imodzi yotalikirana ndi anzake onse nthawi zambiri imakhala ndi chilema.

Ngati otsogolera gulu lanu la pa intaneti akufuna kuyika voti yawoyawo, palibe choipa malinga alembe poyera kuti ikunena za mamembala amene avota okha. Aitseke kwa anthu akunja, abise zotsatira mpaka nthawi itatha kuti oyamba asakoke otsatira, abise mayina ngati pulogalamuyo ikulola, ayike yankho la "sindikudziwa", ndipo afunse chinthu chimodzi pa funso limodzi. Polengeza atchule ovota ndi chiwerengero cha mamembala onse pamodzi, monga 300 mwa 9,000. Ngati munajambula zithunzi za voti ya nyuzipepala ija ndipo mukuzitumiza kwina, tumizani zonse ziwiri, cha masana ndi cha m'mawa, ndi nthawi imene munajambula chilichonse.