Vuto si mahedifoni anu, achimwene

Achimwene, mwadandaula kuti sikirini ya foni yanu imazima mukamalankhula mutavala mahedifoni a Bluetooth, koma musataye mahedifoni amenewo ndipo musathamangire kwa okonza mafoni, chifukwa sikirini yozimazima pamene munthu ukulankhula kudzera pa Bluetooth inandizunza ine miyezi ingapo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira chimene inanditayitsa. Foni yanga ya Android inkachita chimodzimodzi ndi yanuyo. Ndikaiika pakhutu zonse zinkayenda bwino, koma ndikangovala mahedifoni, sikirini inkazima pakatha masekondi 15, foni n'kudzitseka, moti munthu akandifunsa nambala imene ili mu uthenga ndinkayamba kulimbana ndi PIN iye akudikira.

Ndinapita nayo kwa wokonza mafoni wina amene anthu ankamutama kwambiri. Sanandifunse n'komwe kuti vutolo limabwera nthawi yanji. Anangoti sensa imene imazimitsa sikirini foni ikakhala pakhutu yafooka, anasintha galasi loteteza sikirini, anadinadina mu Settings kwa kanthawi, n'kundibwezera foni kuti wathana nazo. Ndinadzazindikira mochedwa kuti anangokweza nthawi yozimira sikirini kufika pa mphindi 10, komanso anayatsa Power button ends call, imene imachititsa kuti batani la m'mbali lizidula foni. Pa ziwirizi sanandiuzepo ngakhale chimodzi.

Patatha sabata imodzi ndinali ndi mafunso a ntchito a pafoni, nditakhala chaka chathunthu osagwira ntchito. Ndinavala mahedifoni kuti manja agwire mapepala amene ndinakonzekera, ndipo foni ndinaiika m'thumba la shati. Ofunsa anali atatu. Funso lachitatu linali limene ndinalikonzekera usiku wonse, ndipo ndinaliyankha mwadongosolo, mtima uli m'malo, mwina kwa mphindi ziwiri zathunthu. Ndikadali mkati molankhula, mayi amene ankatsogolera anati, "Bambo, kodi mukadalipo?" Ndinayankha kuti ndilipo ndipo ndikupitiriza. Anafunsanso kachiwiri, kenako ndinamva mnzawo akunena chapansipansi kuti mwina ndasowa choyankha. Nditasolola foni ndinapeza sikirini ili ngwee, batani la Mute, limene limatseka mawu kuti winayo asakumve, lili lodinidwa, chifukwa chifuwa changa chinakhudza sikiriniyo kudzera m'nsalu yonyowa ndi thukuta. Mawu onse aja ndinkalankhula ndekha m'chipinda. Ndinachotsa Mute manja akunjenjemera, ndinapepesa, ndipo iwo anandikomera mtima n'kundilola kubwereza. Poopa kuti zingachitikenso, ndinadina batani la m'mbali kuti ndizimitse sikirini ndisanabwezere foni m'thumba. Pomwepo foni inaduka. Ndinaimbanso kasanu, koma nambalayo inkangofikira kwa wolandira alendo amene sankadziwa chipinda chimene ofunsawo anali, ndipo patapita masiku anandilembera kuti atenga munthu wina.

Nditabwerera kwa wokonza uja, anandiyankha kuti mafoni amatero ndipo vuto ndi mahedifoni anga, n'kuyamba kunditsatsa ena amene ankagulitsa. Chimene chimandipsetsa mtima si kulakwitsa kwake, popeza aliyense amalakwitsa, koma kusintha zinthu m'foni ya munthu mwakachetechete, kenako n'kukana pamene zapweteketsa mwiniwake. Munthu amene akudyera ntchito ya mafoni amayenera kudziwa zimene ine ndinazadziwa ndekha nditavutika kale.

Pamwamba pa sikirini, pafupi ndi kasipika ka pakhutu, pali kasensa kamene kamazindikira kuti foni yayandikira nkhope, ndipo ndi kameneka kamene kamazimitsa sikirini mukamalankhula foni ili pakhutu n'kuiyatsanso mukaichotsa. Mawu akangosamukira ku Bluetooth kapena ku sipika yaikulu, mafoni ambiri amasiya kudalira kasensa kameneka, poganiza kuti foniyo ili m'manja kapena patebulo. Kuyambira pamenepo sikirini imangotsatira nthawi wamba imene ili pa Screen timeout. Ikakhala yaifupi, sikirini imakuzimirani mukuwerenga kapena mukudikira kudina manambala pamene makina akukuuzani kuti dinani 1 kapena 2. Ikakhala yaitali, sikirini imakhala yoyaka m'thumba, n'kumadinika yokha. Choncho kasensa kanga sikanali kofooka ayi, ndipo mwachidziwikire kanunso kali bwinobwino. Mutha kukayesa poimba foni opanda mahedifoni n'kuphimba pamwamba pa sikirini ndi dzanja. Ikazima n'kuyakanso mukachotsa dzanjalo, kasensako kakugwira ntchito.

Ngakhale kuti nthawi yaitali ndi imene inandipweteka, langizo langa n'lakuti muikwezebe, chifukwa masekondi 15 kapena 30 sakwanira kwa munthu amene amalankhula uku akuwerenga. Lowani mu Settings, pa Display, ndipo pa Screen timeout musankhe mphindi 2 kapena 5, koma osafika pa 10 kapena 30. Onaninso ngati mwayatsa njira yosungira batire, chifukwa imatha kufupikitsa nthawiyi inu osadziwa. Kwa anzathu a iPhone, Low Power Mode imatsitsa Auto-Lock kufika pa masekondi 30 ndipo simungaisinthe mpaka mutaizimitsa. Mafoni a Pixel ali ndi Screen attention ndipo a Samsung ali ndi Keep screen on while viewing, zimene zimagwiritsa ntchito kamera yakutsogolo kuti sikirini isazime mukamaiyang'ana. Kwa ine njira imeneyi ndi yabwino kuposa zonse, popeza m'thumba mulibe nkhope yoti kamera iione, ngakhale kuti mumdima siidalirika kwenikweni.

Ngati chimene chikukutopetsani kwambiri ndi kutsegula loko mobwerezabwereza, Android ili ndi Smart Lock, imene pa mafoni atsopano imatchedwa Extend Unlock. Mukaika mahedifoni anu pa Trusted devices, foni imakhala yosatsekeka kwa maola ofika 4 malinga ngati ili yolumikizana nawo. Ine ndinayatsa, koma ndikuchenjezeni kuti munthu akatola foni ndi mahedifoniwo limodzi, alowa paliponse popanda chomuletsa, ndiye muganizire bwino ngati m'fonimo muli mapulogalamu a ndalama. Palinso Stay awake, imene imaletsa sikirini kuzima, mu Developer options, zimene zimaoneka mukadina Build number ka 7, koma imagwira ntchito pokhapokha foni ili pa chaja, choncho imathandiza okhawo amene amaimba atakhala pa desiki.

Chimene simuyenera kuiwala lero lomwe ndi kufufuza Power button ends call, imene pa mafoni ambiri ili pa Accessibility ndipo pa ena ili m'makonzedwe a pulogalamu yoimbira, n'kutsimikiza kuti ndi yozima. Mukatero, nthawi zonse dinani batani la m'mbali musanaike foni m'thumba, batani lomwelo limene linandidulira ine, chifukwa sikirini yozima singadine Mute kapena Hold. Mukamaliza kusintha, imbirani m'bale wanu mutavala mahedifoni, musiye foni patebulo kwa mphindi zingapo, kenako muizimitse sikirini n'kuiika m'thumba mukuyendayenda, ndipo bwerezaninso pa WhatsApp popeza pulogalamu iliyonse imachita zakezake. Zikapitirira, tiuzeni mtundu wa foni yanu ndi Android imene ili m'menemo, ndikuthandizani kupeza pamene makonzedwe amenewa ali.