Amati mwana wanu alibe mutu wa masamu?

Mayi wina wa kwa Kamwendo ku Mchinji wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi ali sitandade 7 ndipo aphunzitsi amuuza kuti alibe mutu wa masamu. Funso la mayiyo n'lakuti kodi luso n'chibadwa kapena munthu amachita kuphunzira? Nanga apitirize kulipira wom'phunzitsa masana, kapena ndalamazo agulire feteleza?

Mayi, imelo yanu yandikhudza, chifukwa mawu amenewo anandiuzaponso ineyo.

Ndinakulira ku Kasungu, mbali ya ku Santhe, pakhomo pa alimi a fodya. Nthawi yosankha fodya bambo anga ankakhala m'chigafa, n'kugwira tsamba ndi zala ziwiri, kulipendeketsa pa kuwala kwa pakhomo, kenako kuliponya pa mulu wake mosakayika. Anthu ankati ali nazo m'magazi. M'magazi muti? Bambo anayamba ntchitoyi ali kamnyamata, agogo akuwabwezera tsamba lililonse lomwe aika pa mulu wolakwika. Zaka zimenezo anthu sanazione, anangoona dzanja lachangu.

Pakhomo pomwepo ine ndi amene ndinkawerenga mindindi ndi kuwonkhetsa makilo a mabelo tikamadinda. Palibe ankati amenewo ndi masamu. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, bolodi osaliona bwino, ndipo tsiku lina mphunzitsi ananena pamaso pa kalasi yonse kuti mutu wanga ndi wa kumunda. Ndinakhulupirira. Anandipulumutsa ndi amalume, omwe madzulo ankayatsa koloboyi, n'kuthira njere za chimanga pamphasa kuti ndizigawe pawiri, patatu, panayi, mpaka mafulakishoni analowa.

Sindikana kuti anthu timabadwa mosiyana. Kukwaya alipo amene amamva nyimbo kamodzi n'kuigwira, wina imam'tengera sabata. Koma chimene ndikukana kwamtuwagalu n'chakuti mphunzitsi wokhala ndi ana odzaza mpaka pakhomo angadziwe malire a mwana wanu. Sangadziwe! Chomwe waona n'chakuti mwanayo anasochera penapake, ndipo alibe nthawi yobwerera naye.

Taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma lomweli la Kasungu. Pa njala ya 2002 anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi. Ankapita ku kalaibulale ka kwawo kukabwereka mabuku a sayansi, Chingerezi chikumuvuta, iye n'kumatsatira zithunzi. Anatola zitsulo kudzala, chimango cha njinga, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina oyendera mphepo omwe anayatsa magetsi m'nyumba mwawo. Anthu ankamunena kuti wachita misala. Mu 2007 anakalankhula ku Arusha, m'dziko la Tanzania, pa msonkhano wa TED, pomwe anthu amafotokoza nzeru zawo zatsopano, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku koleji ya Dartmouth ku America. Lero aliyense akuti anabadwa ndi mphatso. Nanga laibulale ija ikanapanda kukhalapo, mphatsoyo tikanaionera kuti?

Ngakhale Kamuzu Academy ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981 kuti izitenga ana okhoza kwambiri m'maboma onse, sinangowasiya kuti nzeru zobadwa nazo ziwayendetse. Inawapatsa aphunzitsi, mabuku ndi chakudya. Zimandiwawa ndikaona kuti mwana wa olemera akalephera amam'pezera mphunzitsi wina, koma wa kumudzi akalephera amam'weruza kuti alibe mutu. Atsikana ndiye amawaweruza msanga, mawa lake n'kuyamba kuwakambira za banja.

Ndiye mutani, mayi?

Tengani makope ake a chaka chatha, mufufuze pomwe anayambira kulakwa. Kawirikawiri pamakhala pa kuchulukitsa ndi kugawa. Wom'phunzitsa masana mumuuze ayambire pamenepo, asamangobwereza za m'kalasi. Ngati ndalama zavuta, feteleza gulani ndithu, koma mupeze mwana wa sekondale wa pafupi azikhala naye madzulo, ndipo mukamagulitsa mtedza azipereka chenji ndi iyeyo. Mayeso a sitandade 8 ndi chaka chamawa, nthawi ilipo. Teremu ikatha mundilemberenso, munditumizire chithunzi cha kope lake ndione pomwe wafika.