Foni ikuthamanga koma kompyuta ikukwawa

FUNSO

Achimwene a za makompyuta,

Ndili ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope pano pa Mponela. Chaka chatha ndinagula kompyuta ya padesiki yogwiritsidwapo kale ntchito, komanso rauta ya 4G yoikamo simu. Chondidabwitsa n'chakuti foni yanga ikalumikizidwa ku rauta yomweyo mavidiyo amayenda osadukiza, koma pakompyuta kutsegula imelo yokha ndimatha kumaliza kapu ya tiyi. Dzulo kunabwera bambo wina kuti ndimutumizire kalata yofunsira ntchito, ndipo linali tsiku lomaliza. Tinakhala mphindi 20 tikungoyang'ana kachizindikiro kakuzungulira, ine manyazi atandigwira. Mnyamata wina akuti ndisinthe simu, wina akuti ndigule kompyuta ina. Nditani?

Mayi wa pa Mponela

YANKHO

Mayi, simuyo isiyeni, ilibe mlandu. Umboni mwaupereka nokha m'kalata mwanu. Foni ndi kompyuta zikutunga pachitsime chimodzi, ndipo foni ikubwerako ndi ndowa yodzaza. Ndiye vuto lili panjira ya pakati pa rauta ndi kompyuta, kapena m'mimba mwa kompyuta momwemo.

Musanawononge ndalama, yezani. Imani pafupi ndi kompyutayo, mutsegule fast.com pafoni, kenako mutsegulenso pakompyuta. Tsambali ndi la Netflix ndipo limangoonetsa nambala imodzi yaikulu. Lembani manambala awiriwo papepala. Musabwereze kakhumi, chifukwa kuyezaku kumadya bandulo. Nambalayo ndi liwiro la intaneti ndipo imakhala mu Mbps, pomwe mukamatsitsa fayilo kompyuta imawerenga mu MB pa sekondi, ndipo izi n'zosiyana. Gawani nambala ya Mbps ndi 8. Ngati mwapeza 16 Mbps, fayilo izibwera pafupifupi 2 MB pa sekondi, ndipo palibe amene wakuberani.

Ine ndikukayikira kachipangizo kamodzi. Makompyuta a padesiki ochokera m'maofesi akunja ambiri sakhala ndi Wi-Fi m'kati, chifukwa kumeneko ankagwiritsa ntchito nthambo. Ogulitsa amangoikamo kachinthu konga flashi, kamene timati dongle, ndipo pafupifupi nthawi zonse amakalowetsa kumbuyo kwa bokosi kuti kasaoneke. Msuweni wanga ku Lilongwe anali ndi dandaulo ngati lanu. Nditafika ndinagwada n'kusuzumira pansi pa desiki. Bokosi lachitsulo linali litagunda khoma, mbali yake kuli mulu wa mapepala osindikizira, ndipo kadongle kosaposa chikhadabo kali m'kampata kameneko, katakutidwa ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude. Rauta inali m'chipinda china. Kuti mafunde afike pamenepo ankayenera kudutsa khoma la njerwa kenako chitsulo cha bokosilo. Ndinagula kanthambo kotalikitsira USB, kadongle ndinakamata ndi selotepi pamwamba pa sikirini, basi vuto linathera pomwepo. Msuweniyo anali atasintha kale simu kawiri.

Onaninso chimene mwalowetsa pafupi ndi dongle. Mabowo a USB a buluu m'kati, a USB 3.0, akamagwira ntchito amasokoneza mafunde a 2.4 GHz, omwenso ndi amene ma dongle otchipa ambiri amagwiritsa ntchito. A kampani ya Intel analembapo zimenezi mu 2012. Ndiye flashi ya kasitomala ikalowa pabowo loyandikana, intaneti imatha kufooka nthawi yomweyo. Foni yanu mwina ikugwiritsa ntchito 5 GHz ngati rauta ili nayo, yomwe imathamanga kwambiri mukakhala pafupi, ngakhale kuti siboola makoma bwino.

Koma kunena zoona, kompyuta ya padesiki sipita kulikonse, ndiye sindiona chifukwa choivutitsira ndi Wi-Fi. Yang'anani kumbuyo kwa rauta. Ngati pali bowo lolembedwa LAN, gulani nthambo ya netiweki yolembedwa Cat5e kapena Cat6, mulumikize mwachindunji, dongle muzule. Nthambo imeneyi imagwira bwino mpaka mamita 100, ndiye rauta mukhoza kuiika pazenera pamene imagwira bwino, osati pansi penipeni pa malata kapena kuseri kwa makina a fotokope. Posankha onetsetsani kuti kapulasitiki kotsekera kumapeto sikanathyoke, ndipo nthamboyo muidutsitse pokwera. M'kati mwake muli timawaya 8 toonda, ndipo makoswe amatikonda.

Mukachita zimenezi koma osasintha, wakuba ali m'nyumba. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke, kenako dinani pamutu wolembedwa Network kuti amene akudya kwambiri akwere pamwamba. Kawirikawiri mupeza Windows ikudzitsitsira zokonza zake mwakachetechete, makamaka pakompyuta imene inakhalitsa m'sitolo osalumikizidwa. Pitani ku Settings, Network & Internet, musankhe kulumikizana kwanu, muyatse polembedwa metered connection. Apo mwaiuza Windows kuti intaneti yanu ndi yogula ndi ndalama zowerengeka, isamadye mwachisawawa. Pansi pa Windows Update pali china chotchedwa Delivery Optimization. Chimenechi chikhoza kumatumiza zokonzazo kumakompyuta a anthu ena pogwiritsa ntchito bandulo yanu, ndiye chizimitseni. Sindikuti musamalole zokonzazo ayi, koma zichitike inu mutafuna, monga madzulo mukatseka shopu.

Mungapezenso OneDrive kapena Google Drive ikukweza chikalata chilichonse chimene mwasikana, n'kutseka njira yotumizira zinthu, ndiye kalata ya bambo uja inkangodikira pamzere. Ndipo ngati pali mnyamata amene amabwera kudzaika mafilimu, funani uTorrent, pulogalamu yotsitsira mafilimu pa intaneti. Imeneyo imadya usana ndi usiku ngakhale zenera lake litatsekedwa.

Mu Task Manager momwemo, yang'anani mizere ya Disk ndi Memory. Ngati Disk yaima pa 100% osatsika, intaneti ikufika bwinobwino koma kompyuta ndiyo ikulephera kumeza. Makina ambiri akalewa ali ndi RAM (Memory ija) ya 4 GB ndi hard disk yozungulira yosungira mafayilo. Kuikamo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, ndi kuwonjezera RAM kufika 8 GB n'kotchipa kuposa kugula ina, ndipo kusinthako mudzakuona tsiku lomwelo. Popeza mumalandira maflashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, tsegulaninso Windows Security muipatse nthawi ifufuze mavairasi m'kompyuta yonse. Timapulogalamu tolonjeza kufulumizitsa intaneti musatiyandikire, tambiri mwa ito ndi matenda amene tikufuna kuchotsawo. Ngati muli pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, choncho mukamakaika SSD mufunse ngati makinawo angalandire Windows 11.

Kampani ya netiweki muiimbire pokhapokha foni ndi kompyuta zikukwawa limodzi. Zimachitika madzulo anthu akachuluka pa nsanja imodzi, kapena vuto likachokera kutali. Dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, ndiye intaneti yambiri imatipeza kudzera m'maiko oyandikana nafe kuchokera kunthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta kuno komanso ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique. Tsiku ngati limenelo ngakhale mutagwada pansi pa desiki palibe chimene mungakonze.

FUNSO

Achimwene, mwana wanga amati intaneti ikavuta ndizizimitsa rauta n'kuyatsanso. Zimathandizadi kapena amangofuna ndisiye kumuvutitsa?

Agogo a ku Chilomoni

YANKHO

Agogo, mwanayo sakukunamizani. Rauta ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo ikakhala masiku ambiri osapuma imatentha n'kuyamba kusokonezeka. Ikayakanso imalumikizana ndi nsanja mwatsopano. Zulani pamagetsi, dikirani masekondi 30, mubwezeretse. Koma ngati mukuchita zimenezi tsiku lililonse, muuzeni mwanayo atsegule tsamba la rauta aone mafoni angati alumikizidwa. Adzukulu amagawa pasiwedi kwa anzawo ngati mtedza. Mukapeza mafoni 12 pomwe m'nyumba muli anthu anayi, asinthe pasiwediyo ndipo muisunge nokha.