Babu limodzi, manambala awiri osiyana

FUNSO: Akulu, ndikuphunzira zamagetsi a galimoto. Ndinalumikiza babu la kutsogolo ku batire la mavolti 12, mita n'kuonetsa maampu 5. Kodi resistance (mmene babulo limakanizira magetsi) ndi mawati ake (mphamvu yomwe likugwiritsa ntchito) ndingazipeze bwanji? Chinanso, nditalipima lili lozima, mita sinafike n'komwe theka la ohm. Kodi yawonongeka?

YANKHO: Achimwene, manambala ofunika muli nawo kale. Kuti mupeze resistance, yomwe imayezedwa mu ma ohm, gawani mavolti ndi maampu: 12 kugawa ndi 5, mupeza ma ohm 2.4. Limeneli ndi lamulo lomwe Georg Ohm wa ku Germany anasindikiza mu 1827. Mawati ndiye osavuta, mungochulukitsa 12 ndi 5, yankho ndi 60.

Funso lanu lachiwirilo ndi limene landisangalatsa, chifukwa inenso linandizunguza mutu ndikuyamba kumene, mpaka ndinasintha batire la mita pachabe. Mita yanu ili bwinobwino. Kawaya kopotanapotana kali m'kati mwa babumo ndi ka tungsten, ndipo kakayaka kamatentha kupitirira madigiri 2,000. Chitsulo chikatentha chimakaniza magetsi kwambiri, moti resistance ya kawayako imakwera kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Ndiye 2.4 uja ndi wa babu loyaka, pomwe kanambala kakang'onoko ndi ka babu lozizira. N'chifukwa chake mababu otere amakonda kupsa pongowayatsa: magetsi amathamangira mwaunyinji kawaya kasanatenthe.

Mukamapima injini ikulira, musawerengere 12. Alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira, imakweza mavolti kufika cha m'ma 14, choncho pimaninso mavolti ndi maampu omwe musanayambe masamu.