Mzere umene umakana kukhota

Mlongo wina wa ku Chibavi wandilembera imelo yokhudza masamu: "Achimwene, ma eigenvalue ndimatha kuwawerengetsa, koma kwenikweni ndi chiyani? Anachokera kuti?" Mlongo, mwanditosa pachilonda.

Inenso mayeso ake ndinakhoza ndisakudziwa chimene ndikuchita. Aphunzitsi athu ankangolemba Av = λv pabolodi, kenako determinant (chiwerengero chothandiza kupeza ma eigenvalue), belu n'kulira. Tsiku lina nditafunsa tanthauzo lake, anati, "Ukufuna tanthauzo kapena malikisi?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Sindinafunsenso mpaka teremu kutha. Ndipo ndinene mosapsatira: kuphunzitsa kotereku n'kubera ana. Mwana amachoka ndi satifiketi, m'mutu muli mbee.

Amene ananditsegula maso ndi wakabaza. M'mawa wina mu June, kuzizira kwa Mzuzu kukulowa m'mafupa, ndinaima ku Luwinga iye akumanga thumba langa la makala ndi mphira ya chubu. Pamphirapo panali chilembo A. Atakoka, miyendo ya A ija inapendekeka n'kuyamba kugona, koma kamzere kapakati sikanakhote, kanangotalika. Ndinangoti kakasi. (Makalawo anali onyowa, koma imeneyo ndi nkhani ina.)

Yankho ndi lomwelo. Matrix, tebulo la manambala limene limalembedwa A mu Av = λv, imakoka, kufinya kapena kupotoza mizere ngati mphira ija. Yambiri imakhota. Umene wakana kukhota ndiye eigenvector (v), ndipo nambala yonena kuti watalika kangati ndiyo eigenvalue (λ). Ukatalika kawiri, λ ndi 2. M'lifupi mphira imachepa, choncho kumeneko λ siifika 1.

Za kumene anachokera

Sanayambire m'kalasi ayi. Leonhard Euler, m'zaka za m'ma 1700, ankafufuza mmene chinthu cholimba chimazungulirira, n'kupeza kuti chili ndi mizere yakeyake imene chimazungulirapo osagwedera. Augustin-Louis Cauchy anazikonza bwino mu 1829. Dzinali analifalitsa ndi David Hilbert mu 1904: pa Chijeremani, eigen ndiye kuti "chakechake". Nsambo ya gitala ili ndi maliridwe akeake, ng'omanso chimodzimodzi, ndipo ma eigenvalue ndi amene amatiuza maliridwewo. Mu 1926 Erwin Schrödinger anasonyeza kuti milingo ya mphamvu mu atomu ya hydrogen ndi ma eigenvalue. Ngakhale Google itangoyamba, inkasanja masamba a pa intaneti ndi eigenvector.

Ndiye mlongo, musanakhudze determinant, pezani mphira, mujambulepo mizere inayi yoloza kosiyanasiyana, mukoke. Pakuti mayeso ali pafupi, determinant ija muiloweze ndithu.